Funsani Ankolo: za makiyi, batani la transpose ndi mabanja a zoyimbira

Mwezi uno mafunso anabwera ambiri moti ndangosankha okhudza chinthu chimodzi, enawo mudikire kaye musandikwiyire. Ndikulemba ndili pakhonde kuno ku Area 25, magetsi anapita kalekale, ndipo kuseri kwa mpanda kwaya ina ikuphunzira nyimbo imodzi yomweyo kuyambira 4 koloko, a alto akungolakwitsa pamalo amodzimodzi. Nde tiyeni tiyambe ndi za kwaya zomwezo.

*Ankolo, ine ndimayimba sopulano ku kwaya ya achinyamata. A kwayamasitala athu daily amangoti "mwatsika kiyi, mwatsika kiyi", pena akuti "nyimbo iyi ndi ya mu F". Ine ndimangogwedeza mutu koma kunena zoona sindidziwa kuti kiyi ndi chani, kufunsa ndimachita manyazi poti ndakhalamo zaka zitatu. Ndithandizeni.*
Mtsikana wa ku Kawale

Mwana wanga, manyaziwo taya, theka la kwaya yanuyo nalonso silidziwa, likungogwedeza mutu ngati iwe. Koma khutu lako limaidziwa kiyi bwinobwino. Unapitako kumaliro komwe mayi woyambitsa nyimbo waiyambira pamwamba kwambiri? Vesi yoyamba anthu amalimbikira, ikafika kolasi aliyense khosi lauma, mitsempha ili tolotolo, azibambo angosiya nkumang'ung'udza, kenako mayi wina wachikulire amaidula nkuiyambanso pansi pang'ono, aliyense mtima nkukhala m'malo. Nyimbo ndi yomweyo, mawu ndi omwewo, chasintha ndi pamene yakhazikidwa. Chimenecho ndiye kiyi.

Pa do re mi fa so la ti do paja, do ndiye pakhomo. Nyimbo imatuluka, imayenda uku ndi uku, koma pomaliza imabwerera pa do nkupuma. Tsono do alibe malo amodzi okhazikika, ukhoza kumuika pansi kapena pamwamba. Akati nyimbo ndi ya mu F akungotanthauza kuti do wathu lero tamukhazika pa noti yotchedwa F, akati mu G ndiye kuti tamukweza pang'ono. Manoti ali ndi zilembo zisanu ndi ziwiri basi, A B C D E F G, ukafika pa G umayambiranso A. Kuchoka pa do wapansi kufika pa do wapamwamba amati octave, ndipo mkati mwakemo muli timasitepe 12 ukawerenga mabatani oyera ndi akuda omwe a pa kiyibodi. Kasitepe kamodzi kokwera amati sharp, kotsika amati flat. Nde a kwayamasitala akamati mwapita flat, akunena kuti mawu anu atsetserekera pansi pa noti yomwe imafunika, pang'ono chabe koma khutu limamva kuwawa.

Chomwe chimatsitsa kwaya nthawi zambiri si ufiti ayi, ndi mpweya. Mukafika kumapeto kwa mzere mpweya watha, noti yomaliza imagwa pang'ono, mzere wotsatira mumauyambira pomwe munagwerapo, pofika vesi yachinayi mwatsika sitepe yathunthu osadziwa, wa kiyibodi akamalowanso zimangomveka ngati mukukangana. Pumani mokwanira musanayambe mzere, imani mowongoka, ndipo muzimvetsera a besi, iwowo akatsika amakoka nyumba yonse. Malo ena ozembera ndi pakati pa mi ndi fa komanso pakati pa ti ndi do, apa mpata wake ndi kasitepe kamodzi kokha pamene pena ponse ndi tiwiri, nde ti uja anthu amakonda kumuyimba mwaulesi, osamufikitsa.

Za do re mi zomwe timalemba pa bolodi kutchalitchizi, d : r : m, zinachokera kutali. Mmonke wina wa ku Italy, Guido wa ku Arezzo, ndi amene anayamba kupatsa manoti timaina totere zaka pafupifupi 1000 zapitazo, kungoti iye poyambira ankati ut osati do. Ku England mayi wina wa ku Norwich, Sarah Glover, anakonza njira yophunzitsira ana ndi timaina timeneti, mbusa John Curwen nkuitenga, kuikonzanso ndi kuifalitsa m'zaka za m'ma 1840. Amishoni pobwera kuno anabwera nayo, nchifukwa chake agogo ako amatha kuwerenga solofa koma ukawapatsa pepala la mizere isanu lija la staff amangoliyang'ana. Ndipo palibe cholakwika, kwa munthu woyimba ndi pakamwa solofa ndi yachangu kwambiri.

*Ankolo mwaswera? Ine ndimagwira kiyibodi kutchalitchi kwathu, ndinaphunzira ndekha pongoonera. Vuto ndimangodziwa F sharp basi, nyimbo ikakhala ya kiyi ina ndimadina transpose, batani lija lokweza kapena kutsitsa kiyi zala zili pomwepo. Mnyamata wina wobwera wandiseka kuti sindine woyimba. Kodi ndikulakwitsa?*
Wa makiyi, Area 36

Aise, choyamba landira ulemu wako, kuphunzira wekha mpaka mpingo nkumavina si masewera. Ndipo suli wekha, anyamata ambiri a m'matchalitchi athu anayambira pa F sharp yemweyo chifukwa mabatani akuda asanu aja onse ali mu kiyi imeneyi, zala zimangogwera pomwepo, ngakhale utaphonya sizimveka kwambiri. Chodabwitsa nchoti m'mabuku F sharp amamuwerengera m'gulu la makiyi ovuta poti ali ndi ma sharp 6, pamene C amene ana a sukulu amayambira alibe olo imodzi, ndi mabatani oyera okhaokha.

Koma wobwerayo ngakhale wayankhula mwachipongwe ali ndi kamfundo. Ndikuuze zomwe zinandionekera ine ndili mnyamata ngati iwe. Tinali pa ukwati kutchalitchi china konkuno ku Lilongwe, ine pa kiyibodi nditadina transpose katatu, kwaya ili mkati mwa nyimbo yolowera akwati, magetsi phethi, nkubweranso nthawi yomweyo. Kiyibodi ija poyakanso inaiwala zonse nkubwerera pa zero. Ine osadziwa ndangolowa mwamphamvu ndi manja onse awiri, mayo ine, kwaya ili uko ine ndili uku, mkwatibwi anachita kutembenuka, a kwayamasitala anandiyang'ana diso lomwe mpaka lero ndimalilota. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuphunzira makiyi ena.

Ndipo si ntchito yaikulu monga ukuganizira, bola usiye kuloweza mabatani uyambe kuwerenga manambala. Chord ndi manoti atatu kapena kuposa olira pamodzi. Ena amalemba kuti kodi, koma ine ndimapewa poti mungamayese ndikufunsa funso kkkk. Ukagwira do mi so imeneyo ndi 1, fa la do ndi 4, so ti re ndi 5. Nyimbo zambiri zomwe mumayimba Lamulungu zimangozungulira pa zitatuzi, kenako pamabwera 6 amene ndi la do mi, uja amamveka ngati wachisoni, amene amati minor. Mu F sharp mwakomo 1, 4, 5 ndi F sharp, B ndi C sharp, zomwe zala zako zimagwira kale. Mu C ndi C, F, G. Mu G ndi G, C, D. Mu F ndi F, B flat, C. Tenga nyimbo imodzi yomwe umaidziwa ngakhale uli mtulo, uiyimbe mu G sabata yonse osakhudza batani lija, sabata inayo mu C. Miyezi itatu ikamatha uzamuitane mnzakoyo. Batani la transpose lisakhale mdani ayi, limathandiza mlendo akayambitsa nyimbo pa kiyi yachilendo mwadzidzidzi, koma tsiku lomwe uzakhale pa piyano yeniyeni ya mabatani 88 ulibe pothawira, kulibe batani kumeneko. Ngati ukufuna wokuongolera, ku Area 23 kuli Music Crossroads, amaphunzitsa zimenezi, si kutali ndi kwanuko.

*Zikomo Ankolo. Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndimaphunzitsa Expressive Arts. Ndikafika pa magulu a zida zoyimbira ndimasokonezeka, buku lina likuti strings, woodwind, brass, percussion, lina likutchula maina ena aatali. Nanga bangwe, kaligo ndi sansi ndiziika pati? Ana amandifunsa.*
Madamu a ku Likuni

Madamu, funso lanu landisangalatsa kuposa onse ndipo mundilole nditalikitse. Mabuku awiriwo onse akunena zoona, kungoti akuyankha mafunso osiyana. Magulu anayi oyambawo ndi a orchestra ya ku Ulaya, ndi mmene oyimba amakhalira pa siteji: a mavayolini kutsogolo, a zitoliro pakati, a malipenga kumbuyo, a ng'oma kumapeto kwenikweni. Anapangira zida zawo, nde mukafuna kulowetsamo sansi mupeza kuti ilibe mpando.

Maina aatali aja anabwera ndi akatswiri awiri, Erich von Hornbostel ndi Curt Sachs, mu 1914, ndipo iwo anangofunsa funso limodzi lomwe ngakhale mwana wa Sitandade 5 angayankhe: chikamalira, chimene chikunjenjemera nchiyani? Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi funso limenelo, maina achizunguwo nkubwera pambuyo.

Ngati chikunjenjemera ndi nsambo, banja lake ndi chordophone. Muno muli gitala ya nsambo 6, besi gitala ya nsambo 4, vayolini, komanso bangwe wathu, thabwa lija lokungidwa nsambo lomwe amalilowetsa m'chitini kapena m'chipanda kuti mawu akule. Kaligo ali momwemu, nsambo imodzi yokha yokwecha ndi kauta, ndiye kuti iye ndi vayolini ndi pachibale ndithu. Mkangala womwe ankayimba atsikana ndi amayi, kabango kokhala ndi nsambo imodzi, mbali ina nkuika pakamwa kuti kamwa likhale ngati bokosi lokuzira mawu. Banjo ya chigubu cha mafuta yomwe anyamata amakhoma okha. Ndi babatoni, chimtengo chachitali cha nsambo imodzi chokhala ndi bokosi lachikopa lomwe woyimba amalikhalira, chomwe a Madalitso Band ochokera m'misewu ya Lilongwe yomweyi afika nacho mpaka ku Ulaya. Chomwe chimadabwitsa ana ndi piyano: mukaitsegula mkati mwadzaza nsambo, batani lililonse limaponya kanyundo kokamenya nsambo, nde nayonso ndi ya banja lomweli.

Ngati chikunjenjemera ndi chikopa chokungidwa, ndi membranophone. Ng'oma zonse, mbalule ndi mpanje za kubwalo la gule, mpaka ng'oma za bandi. Apa mutha kuwaonetsa ana chinthu chomwe amachiona kale kumudzi: ng'oma ikazizira mawu amagwa, amaiwamba pamoto chikopa chikungike mawu akwere, ndipo akafuna kuti ilire mozama amamata phula pakati. Kumeneko ndi kutchuna, chimodzimodzi wa gitala akamapotokola timakutu tija.

Ngati chida chonsecho ndi chomwe chikunjenjemera, popanda nsambo kapena chikopa, ndi idiophone. Maseche, visekese vya amayi a kumpoto, belu la pasukulu panu lomwe mwina ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pa mtengo, mangolongondo omwe amayala mitengo pa mathunthu a nthochi anthu awiri nkukhala uku ndi uku, ulimba wa ku Nsanje ndi Chikwawa wokhala ndi zipanda kunsi. Sansi ili muno, poti timano take tachitsulo ndi tomwe timalira tikatekenyedwa ndi chala.

Ngati ndi mpweya, aerophone: chitoliro, wezulo ya a referee, lipenga la bandi ya apolisi, nyanga ya nyama, akodiyoni. Kenako pambuyo pake anawonjezera banja lachisanu la zolira ndi magetsi, electrophone, momwe muli kiyibodi ya mnzathu wa ku Area 36 uja.

Tsopano nawu msampha woti mukawatchere ana anzeru aja okhala kutsogolo. Zipanda zomwe amaliza ovina magule a mganda ndi malipenga, aliyense anganene kuti ndi za mpweya poti amaziika pakamwa. Koma woyimbayo sauzira chabe, amayimbiramo ndi mawu ake, ndipo chomwe chimapanga kulira kwa nzzzz kuja ndi kanembanemba komatidwa pa kabowo, kale ankatenga kaja koyera ka kangaude. Ndiye pa kawerengedwe ka akuluakulu awiri aja chimenechi chimagwera kwa ng'oma, banja la zikopa. Ine nditamva koyamba ndinakana, ndinachita kukatenga chipanda nkuchotsa kanembako kuti ndione, chinangoti fuu ngati munthu akuyankhulira mu kapu.

Langizo langa Madamu, musalembe mndandanda pa bolodi tsiku loyamba. Auzeni abwere ndi chilichonse cholira, botolo, labala wokunga pa kabokosi ka machesi, chitini cha nyemba, phesi la papaya, aliyense alize chake, anzake agwire ndi chala apeze pomwe pakunjenjemera. Kalasi idzasokosa, a hedi adzasuzumira pawindo, koma mayeso akadzabwera simudzavutika.

*Ankolo tithetsereni mkangano wa pa bawo. Ine ndikuti saxophone ndi brass poti ndi yachitsulo chonyezimira ngati lipenga, mnzanga akuti ayi. Tabetcherana Fanta.*
Bambo wa ku Mchesi

Achikulire, kagulenitu Fantayo, ikhale yozizira. Saxophone thupi lake ndi la brass zoona, koma banja saonera thupi, amaonera pakamwa. Lipenga, trombone ndi tuba zimalira chifukwa milomo ya woyimbayo ndi yomwe imanjenjemera m'kakapu kachitsulo. Saxophone ili ndi kabango kopyapyala pakamwa pake, ndiko kamalira, nchifukwa chake ili gulu limodzi ndi clarinet, la woodwind. Anaipanga ndi Adolphe Sax wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1840, dzinalo ndi lake. Flute nayonso masiku ano ndi yachitsulo koma ikadali woodwind. Mukadzaonanso bandi ya asilikali ikuguba mudzayang'ane pakamwa pa aliyense.

*Ankolo, ku studio producer anandiuza kuti ndikuthawa beat, kenako akuti tempo ndi 100, kenako akuti rhythm yanga siili bwino. Si chinthu chimodzi chomwecho? Ndinangolipira ndalama nkubwerako ndi mutu.*
Woyimba wongoyamba, Chinsapo

Ndi zitatu zosiyana mphwanga, koma zimagona nyumba imodzi. Beat ndi kugunda kokhazikika kuja komwe phazi lako limaponda lokha nyimbo ikamalira, ngati mtima. Tempo ndi liwiro la kugundako, 100 akutanthauza kugunda ka 100 pa mphindi imodzi, ukaika 60 ndiye kuti kamodzi pa sekondi ngati wotchi, nyimbo ya pamaliro imakhala chakumeneko, ya pa perekaniperekani imathamanga kuposa apo. Rhythm ndi kakonzedwe ka mawu aatali ndi aafupi pamwamba pa kugundako. Amayi awiri akamasinja mtondo umodzi, misi ikugwa mosinthana gu, gu, gu, gu, imeneyo ndi beat, nyimbo yomwe akuyimba pamwamba pake ikulowa pena ikudumpha pena, imeneyo ndi rhythm, ndipo akaona kuti dzuwa lapendeka nkufulumiza, akweza tempo.

Kugundako amakumanga m'mitolo. Mtolo wa zinayi, 1 2 3 4, amalemba 4/4 ndipo nyimbo zambiri za pa wailesi zili momwemo. Wa zitatu ndi 3/4, nyimbo zina zakale za m'buku la kutchalitchi zimayenda choncho. Koma magule athu ambiri amayenda mwa titatutitatu mkati mwa kugunda kulikonse, zomwe amalemba 6/8 kapena 12/8, ndipo m'manja mwa amayi pabwalo mumamva ena akuomba ziwiri pamene ena akuomba zitatu nthawi yofanana, osasokonezana. Azungu zimenezi amachita kukhalira pansi kuziwerenga, ife mwana wa zaka zisanu amangolowa. Nde ndikukayika ngati vuto lako ndi khutu. Kawirikawiri chimachitika ndi mantha: wavala mahedifoni koyamba, kachitsulo ka metronome kakuti tik tik, ukuganiza za ndalama ya ola yomwe ikutha, nde umathamangira kutsogolo. Tsitsa pulogalamu ya metronome pa foni, ndi yaulere, ika pa 100, uziyimba nyimbo yakoyo uku ukuyenda m'chipinda phazi lililonse pa tik. Ukadzabwerera ku studio umuuze producer akukwezere ng'oma m'makutu, ndipo uyimbe utaimirira, thupi lizigwedera.

*Ankolo ine ndine mzimayi koma mawu anga ndi aakulu, pa alto ndimavutika. Ndikakhala kwa a tenala anthu amandiseka kuti ndalowa kwa azibambo. Nditani?*
Mayi wa ku Mtandire

Mayi, khalani pomwe khosi lanu lamasuka. Sopulano, alto, tenala ndi besi ndi maina a kutalika ndi kuzama kwa mawu, si zimbudzi zoti uku amuna uku akazi. M'makwaya a amayi okhaokha a chigwirizano ndi a mvano, mukuganiza kuti mzere wapansi uja amayimba ndani? Ndi amayi ngati inu, ndipo kwaya yopanda iwo imamveka ngati ndiwo zopanda mchere. Chomwe ndingakuchenjezeni nchakuti musakakamize mawu kutsika kuposa pomwe amafika okha pofuna kufanana ndi abambo a besi, mukamva kukanda pakhosi kapena mawu akasasa mawa lake ndiye kuti mwapyola. Pemphani wa kiyibodi akuyeseni tsiku lina anthu asanabwere, ayambire pa C wapakati azitsika batani limodzilimodzi inu mukutsatira ndi "aaa", pomwe mawu ayambe kuzilala muime, kenako akwere chimodzimodzi. Mukatero mudziwa malire anu onse awiri, ndipo a kwayamasitala akadzafunsa mudzangowauza kuti ine ndimayambira apa kulekeza apa.

Amene munafunsa za kusiyana kwa besi gitala ndi babatoni, ndi inu a ku Kauma amene mukufuna kudziwa mtengo wabwino wosemera ng'oma, ndasunga makalata anu, tidzaonana mwezi wamawa. A alto a kuseri kwa mpanda aja tsopano aipeza noti ija, koma a tenala ndi omwe ayamba kutsika.